Mbiri ya Demokalase m'Malawi: Kukula Kwake ndi Zofooka Zake

Demokalase ya dziko la Malawi imayenda kudzera m'nthambi ndi mabungwe angapo: Nyumba ya Malamulo, ofesi ya mtsogoleri wa dziko pamodzi ndi nduna zake, makhothi, bungwe loyendetsa zisankho, makhonsolo, zipani zandale, komanso mabungwe olondera boma monga lothana ndi ziphuphu la ACB ndi ofesi ya Ombudsman. Zina mwa nthambizi n'zakale kuposa ufulu wodzilamulira, zina zidabadwa mu 1994. Wofuna kudziwa mphamvu ndi zofooka zake sangadalire buku la malamulo oyendetsera dziko lokha, pakuti bukulo limanena zoyenera kuchitika. Zomwe zidachitikadi zimapezeka m'mabuku a Hansard osunga zokambirana za aphungu, m'zigamulo za makhothi, m'malipoti a makomiti ofufuza, ndi m'mafayilo akale osungidwa ku National Archives ku Zomba. Zolembedwazi zikaikidwa pamodzi zimaonetsa chinthu chimodzi kuyambira nthawi ya atsamunda mpaka lero: mphamvu zimaunjikana mu ofesi imodzi yapamwamba, ndipo nthambi zoyenera kuibweza ofesiyo zimakula mochedwa, zina n'kudulidwa zisanakhwime.

Nyumba ya Malamulo ya atsamunda

Dziko lino lidalowa m'manja mwa Britain mu 1891, ndipo mu 1907, chaka chomwe lidayamba kutchedwa Nyasaland, kudakhazikitsidwa khonsolo yopanga malamulo ku Zomba. Khonsoloyi ndiyo kholo la Nyumba ya Malamulo ya lero, koma siidali ya anthu. Gavanala ndiye ankaitsogolera, ambiri mwa mamembala adali akuluakulu a boma omwe ankagwira ntchito pansi pake, ndipo otsalawo adali azungu osankhidwa ndi iye mwini. Zofuna za eni dziko ankazilankhula ndi mmishonale, monga Alexander Hetherwick wa ku Blantyre Mission. Anthu omwe ankakhoma msonkho ndi kugwira thangata m'minda ya azungu adalibe mpando. Kumidzi boma lidagwira anthu kudzera mwa mafumu, makamaka kuyambira mu 1933 pomwe mafumu ena adapatsidwa mphamvu zoweruza milandu ndi kutolera msonkho moyang'aniridwa ndi DC. Kuyambira pamenepo mfumu idayamba kuyang'ana mbali ziwiri, kwa anthu ake ndi kwa boma lomwe likhoza kuikweza kapena kuichotsa, ndipo vutoli silidathe mpaka pano.

Mawu a anthu akuda adayamba kumveka kunja kwa khonsoloyo, m'mabungwe a anthu ophunzira monga North Nyasa Native Association ya 1912, omwe pambuyo pake adaphatikizana n'kupanga Nyasaland African Congress mu 1944. Anthu akuda awiri oyamba adalowa m'khonsolo mu 1949, osankhidwa ndi Gavanala. Kusintha kwenikweni kudadza mu 1956, chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chitakhazikitsidwa kale mokakamiza mu 1953, pomwe makhonsolo a zigawo adasankha anthu akuda asanu. Awiri mwa iwo, Henry Masauko Chipembere ndi Kanyama Chiume, adali anyamata olimba mtima amene ankapanikiza akuluakulu a boma ndi mafunso, mwakuti anthu ophunzira ankalimbirana mabuku a Hansard kuti awerenge zomwe awiriwo anena. Aka kadali koyamba kuti Nyumbayo imveke ngati malo ofunsirako boma.

Dr Hastings Kamuzu Banda adabwerera kumudzi pa 6 Julayi 1958. Pa 3 Malichi 1959 boma lidalengeza lamulo la nthawi ya chipwirikiti, lidatsekera anthu oposa 1,000, ndipo anthu pafupifupi 50 adaphedwa, ena mwa iwo ku Nkhata Bay. Komiti ya Devlin yomwe idafufuza nkhaniyi idanena poyera kuti Nyasaland idasanduka dziko lolamulidwa ndi apolisi. Chisankho choyamba chachikulu chidachitika pa 15 Ogasiti 1961. Ovota adagawidwa m'kaundula awiri malinga ndi chuma ndi maphunziro, ndipo olembetsa adangopitirira pang'ono 100,000 m'dziko la anthu pafupifupi 3 miliyoni. Chipani cha Malawi Congress chidatenga mipando 22 mwa 28. Pa chisankho cha 1964, choyamba chomwe munthu wamkulu aliyense adaloledwa kuvota, oimira chipanichi adalibe opikisana nawo, choncho palibe yemwe adaponya voti. Dziko lidalandira ufulu pa 6 Julayi 1964 lisanazolowere chipani chotsutsa.

Zaka 30 za chipani chimodzi

Patangotha milungu yochepa chilandirire ufulu, nduna zidasemphana ndi Dr Banda. Zidakana tiki yomwe odwala ankayenera kulipira kuchipatala, lipoti la Skinner lokhudza malipiro a ogwira ntchito m'boma, kuchedwa kopereka maudindo kwa Amalawi, ndi ubale ndi maboma a azungu a Portugal ndi South Africa. Pansi pa zonsezo padali funso lalikulu: kodi nduna yaikulu ilamulire pamodzi ndi nduna zinzake kapena yokha? Mu Sepitembala 1964 Orton Chirwa, Kanyama Chiume, Augustine Bwanausi ndi Rose Chibambo adachotsedwa, ndipo Yatuta Chisiza, Willie Chokani ndi Chipembere adatula pansi maudindo. Nyumba ya Malamulo idakumana n'kuikira kumbuyo Dr Banda. Tsiku limenelo Nyumbayo idataya mwayi wake waukulu wokhala woweruza pakati pa mtsogoleri ndi nduna zake, ndipo idatenga zaka pafupifupi 30 kuti iupezenso.

Malamulo a 1966 adasandutsa Malawi dziko la pulezidenti ndi chipani chimodzi, ndipo mu 1971 Dr Banda adakhala mtsogoleri wamuyaya. Nthambi zonse zidatsala pamalo pake koma ntchito yake idatembenuzidwa. Aphungu ankakumana ku Zomba, koma maina awo ankavomerezedwa ndi mtsogoleri, ndipo zisankho zopikisana pakati pa anthu a chipani chomwecho zidayamba mu 1978. Ngodya zinayi za chipani, umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo, zidalowa m'malo mwa mtsutso. Munthu wamba ankakumana ndi boma pa chipata cha msika kapena pokwera basi, pomwe achinyamata a chipani ankafunsa khadi, ndipo wopanda khadi ankabwezedwa ndi dengu lake. A Mboni za Yehova, omwe ankakana kugula makhadiwo, adaletsedwa mu 1967 ndipo zikwi zambiri zidathawira ku Zambia ndi ku Mozambique. Lamulo lidalola kutsekera munthu popanda kuzengedwa mlandu, ndipo ndende ya Mikuyu idadzaza ndi aphunzitsi, atolankhani ndi ogwira ntchito m'boma. Lamulo lina la 1966 lidalola boma kulanda katundu wa aliyense womuganizira.

Zomwe zidachitikira makhothi n'zofunika kuzimvetsa bwino. Pa nthawi ya kuphedwa kwa anthu ku Chilobwe mumzinda wa Blantyre, khothi lidamasula oganiziridwa chifukwa chosowa umboni, ndipo boma lidakwiya. Mu 1969 makhothi a mafumu adapatsidwa mphamvu zoweruza milandu ikuluikulu, kuphatikizapo yakupha, ndipo pambuyo pake youkira boma. M'makhothi amenewa woimbidwa mlandu sankaloledwa kukhala ndi loya. Majaji achizungu a High Court adatula pansi maudindo posagwirizana nazo. Khothi lotere ndilo lidagamula kuti Albert Muwalo anyongedwe mu 1977, ndiponso lidapereka chilango cha imfa kwa Orton ndi Vera Chirwa mu 1983, chomwe pambuyo pake chidasinthidwa kukhala ndende ya moyo wonse. Orton Chirwa adamwalira m'ndende ya Zomba mu Okutobala 1992. Chodabwitsa n'chakuti popeza milandu yandale inkapita kwa mafumu, High Court idatsala pambali, ndipo majaji ake sadadetsedwe kwambiri ndi nkhanza za nthawiyo. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zomwe makhothi adalowera m'nyengo ya zipani zambiri ali ndi ulemu woposa wa nthambi zina.

Mu Meyi 1983 nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu David Chiwanga, adaphedwa ndi apolisi, ndipo boma lidalengeza kuti afa pa ngozi ya galimoto ku Mwanza. Komiti yofufuza ya 1994 idapeza kuti adachita kuphedwa, ngakhale kuti Dr Banda ndi anzake omwe adazengedwa mlanduwo adapezeka osalakwa mu Disembala 1995.

Kusintha kwa 1992 mpaka 1995

Mawu oyamba otsutsa poyera adachokera kutchalitchi. Pa 8 Malichi 1992 kalata ya maepiskopi a Katolika idawerengedwa m'matchalitchi onse, ikudzudzula umphawi, kutsekera anthu popanda mlandu ndi kutseka anthu pakamwa. Pa 6 Epulo Chakufwa Chihana, wolimbikitsa zipani zambiri, adatsika ndege ku Lilongwe n'kumangidwa pomwepo. Mu Meyi ogwira ntchito m'mafakitale a ku Blantyre adanyanyala ntchito, ndipo maiko opereka thandizo, atakumana ku Paris, adaimitsa thandizo lonse kupatula lothandiza ovutika. Mipingo, Asilamu, maloya ndi amalonda adapanga bungwe la Public Affairs Committee kuti likambirane ndi boma. Pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993, nyali idaimira zipani zambiri ndipo tambala wakuda adaimira chipani chimodzi. Pafupifupi anthu awiri mwa atatu alionse adasankha nyali. Mu Disembala chaka chomwecho asilikali adalanda zida za apayoniya, gulu la achinyamata a chipani cholamula, pa zomwe zidatchedwa Operation Bwezani, kenaka n'kubwerera kumabalaki osalanda boma.

Chisankho cha pa 17 Meyi 1994 chidapatsa Bakili Muluzi wa UDF mavoti pafupifupi 47 pa 100 alionse, Dr Banda 33, ndipo Chihana wa AFORD 19. Dr Banda adavomera kugonja. Koma mapu a zotsatira adaulula chilema chomwe chakhalapo mpaka lero: AFORD idatenga mipando yonse ya kumpoto, MCP idalimba pakati, UDF kumwera. Malire a zigawo zitatu omwe atsamunda adalemba kuti aziyendetsa bwino ntchito zawo adasanduka malire a zipani.

Malamulo atsopano oyendetsera dziko adalembedwa m'miyezi yowerengeka, adayamba kugwira ntchito mongoyembekezera mu Meyi 1994, ndipo adakhazikitsidwa mu 1995. Ndi malamulo abwino m'zambiri. Amati mphamvu zonse zolamulira zimachokera kwa anthu ndipo wolamulira amangozisunga mowaimira. Ali ndi mutu wathunthu wa ufulu wachibadwidwe, amapatsa makhothi mphamvu zofafaniza lamulo lililonse lotsutsana nawo, amaika malire a materemu awiri otsatizana a zaka zisanu kwa pulezidenti, ndipo adakhazikitsa Ombudsman, bungwe loona za ufulu wa anthu ndi bungwe lounika malamulo. Komabe adalembedwa mwachangu ndi atsogoleri a zipani omwe aliyense ankayembekezera kulowa ku nyumba ya boma, ndipo anthu akumudzi sadafunsidwe mokwanira. N'chifukwa chake mphamvu zambiri za ofesi ya pulezidenti zidatsala momwe zidalili. Pulezidenti amasankha nduna popanda kupempha chilolezo cha aphungu, amasankha alembi aakulu a maunduna, akazembe, mabodi a makampani a boma, mkulu wa asilikali ndi wa apolisi, ndipo amakweza mafumu. Pa maudindo ena Nyumba ya Malamulo imavomereza, koma dzina limachokera kwa munthu mmodzi.

Zomwe zidadulidwa

Mbali yomvetsa chisoni ya mbiriyi ndi yakuti zida zomwe zikadafikitsa mphamvu pafupi ndi munthu wamba ndizo zidayamba kuchotsedwa, ndipo ochotsawo adali aphungu eni ake. Gawo 64 linkalola anthu a m'dera kuchotsa phungu wawo teremu isanathe. Lidafafanizidwa mu 1995 lisanagwirepo ntchito, ndipo ngakhale anthu akhala akulipempha pa misonkhano younikanso malamulo, silidabwerere. Malamulo adakonzanso zoti pakhale nyumba yachiwiri, Seneti, ya mamembala 80, momwe mukadakhala mafumu, oimira maboma, amayi, anthu olumala ndi magulu ena. Seneti siidakhalepo ngakhale tsiku limodzi, ndipo mu 2001 idachotsedwa m'malamulo ponena kuti dziko silingakwanitse kuilipirira.

Makhonsolo adaona zomwezo. Ndondomeko ya mphamvu ku anthu idavomerezedwa mu 1998, ndipo makhansala adasankhidwa mu Novembala 2000. Teremu yawo itatha mu 2005, chisankho china chidangokhala chikuimitsidwa mpaka 2014. Zaka zisanu ndi zinayi dziko lidayenda popanda khansala ngakhale mmodzi, pomwe malamulo amanena momveka kuti makhonsolo akhale osankhidwa. M'kati mwa nthawiyo mudabwera thumba la chitukuko cha m'dera la CDF, lomwe aphungu adaligwira mwamphamvu, ndipo mu 2010 lamulo lidasinthidwa kuti aphungu azivota m'makhonsolo komanso kuti nduna izisankha ma DC. Zotsatira zake zimaoneka pa msonkhano uliwonse wa kampeni: phungu amayezedwa ndi milatho, mijigo, mabokosi a maliro ndi fizi ya ana asukulu, osati ndi malamulo omwe wapanga kapena mafunso omwe wafunsa nduna. Anthu sangadzudzulidwe pa ichi, chifukwa pomwe boma silifika amagwira yemwe ali pafupi. Koma phungu wotanganidwa ndi ntchito ya khansala amasiya boma lopanda woliyang'anira, ndipo amafunikira ndalama zomwe amazipeza mosavuta akakhala mbali ya boma.

Nyumba ya Malamulo ndi gawo 65

Pamenepa m'pomwe pagona vuto la gawo 65, lomwe limati phungu wosankhidwa pa tikiti ya chipani china akalowa chipani china choimiridwa m'Nyumbayo, Sipikala alengeze kuti mpando wake ulibe munthu. Gawoli lagwira ntchito mwa apo ndi apo, kawirikawiri motsatira zofuna za olamula. Bingu wa Mutharika adapambana mu 2004 pa tikiti ya UDF, ndipo mu Febuluwale 2005 adatuluka n'kuyambitsa DPP. Aphungu ambiri adamutsatira. Otsutsa adafuna kuti gawo 65 ligwire ntchito, ndipo khothi la Supreme lidagamula mu Juni 2007 kuti gawolo ndi lovomerezeka, koma ziletso za kukhothi zidamanga manja a Sipikala. Otsutsa adabwezera pokana kukambirana bajeti, mwakuti mu 2007 ndi 2008 ndondomeko ya zachuma idachedwa miyezi, boma likuwanena kuti akulanga odwala ndi alimi. Palibe mbali yomwe idatuluka yoyera.

Chitsanzo chooneka ndi maso ndi cha mbendera. Mu 2010, DPP ili ndi aphungu ochuluka, Nyumba ya Malamulo idasintha mbendera ya dziko, kuchotsa dzuwa lotuluka n'kuikapo dzuwa lathunthu loyera. Bingu atamwalira mu Epulo 2012, aphungu ambiri adakhamukira ku chipani cha PP cha Joyce Banda, ndipo mu Meyi Nyumba yomweyo, ya anthu omwewo, idabwezeretsa mbendera yakale. Malamulo ena omwe idavomereza mu 2010 ndi 2011, monga lopatsa nduna mphamvu zoletsa nyuzipepala ndi loletsa kutenga msanga ziletso zotsutsana ndi boma, idawafafanizanso yokha. Ngakhale malo okumanira adaonetsa kufooka komweku: aphungu atachoka ku Zomba ankakumana m'nyumba ya boma ya ku Lilongwe mpaka Bingu adaitenga kuti azikhalamo, ndipo nyumba yawoyawo, yomangidwa ndi dziko la China, idatsegulidwa mu 2010.

Pali vuto linanso lomwe silikambidwa mokwanira. Malamulo amafuna kuti phungu azitha kulankhula ndi kuwerenga Chingerezi, ndipo zokambirana zimachitika m'chilankhulocho. Anthu ambiri omwe amamvera pa wailesi satha kutsatira zomwe owaimira akunena, ndipo aphungu ena anzeru amakhala chete poopa kusekedwa.

Komabe Nyumbayi ili ndi tsiku lake lonyadira. Mu Julayi 2002 bilu yochotsa malire a materemu a pulezidenti, yomwe ikadalola Muluzi kuimanso, idalephera ndi mavoti atatu okha kufika pa magawo awiri mwa atatu ofunikira. Kuyesa kwachiwiri, kofuna teremu yachitatu, kudaferanso m'njira mu 2003, mipingo, maloya ndi ophunzira a m'makoleji atakana kwamtuwagalu. Malire a materemu adapulumuka, ndipo kuchokera apo palibe mtsogoleri yemwe adayesanso kuwachotsa.

Zipani zokha n'zofooka kuposa Nyumba yomwe zimadzaza. Zambiri zimaima pa munthu mmodzi ndi thumba lake, misonkhano yaikulu imachitika kuti ivomereze mwini chipani, ndipo zisankho zachipulula zimadzaza ndi madandaulo. N'chifukwa chake aphungu oima paokha amachuluka: mu 2014 ndi mu 2019 adapitirira 50 mwa 193. Lamulo la zipani la 2018 lidaletsa kugawa ndalama ndi katundu pokopa mavoti ndipo lidalamula zipani kuulula komwe zimapeza thandizo lalikulu, koma kulitsata kwakhala kofooka. Amayi, omwe ndi oposa theka la ovota, sadafike ngakhale gawo limodzi mwa magawo anayi a aphungu pa chisankho cha 2019, chaka chomwe Catherine Gotani Hara adakhala Sipikala woyamba wamkazi. Nayo ofesi ya wachiwiri kwa pulezidenti yakhala bwalo la mikangano. Popeza pulezidenti sangamuchotse mwachisawawa, amangomusala: Cassim Chilumpha adaimbidwa mlandu woukira boma mu 2006, Joyce Banda adachotsedwa m'chipani mu 2010, ndipo Saulos Chilima adatuluka mu DPP mu 2018.

Kulondera chuma cha boma

Bungwe la ACB lidakhazikitsidwa ndi lamulo la 1995. Kwa zaka zambiri silinkatha kutengera munthu kukhothi popanda chilolezo cha mkulu wozenga milandu ya boma, yemwe amasankhidwa ndi pulezidenti, ndipo chotchinga ichi chidachotsedwa mu 2022. Ndalama zake zogwirira ntchito zimachokera ku boma lomwe likuyenera kulifufuza. Mkulu wina wa bungweli, Issa Njauju, adaphedwa mu 2015, ndipo mkulu wa bungwe lonselo, Martha Chizuma, adamangidwa ndi apolisi m'bandakucha mu Disembala 2022. Milandu ya anthu akuluakulu imayamba boma likasintha ndipo imayenda mwaulesi. Wa Muluzi, wokhudza K1.7 biliyoni, udakhala m'khothi zaka zoposa khumi mpaka boma lidauthetsa mu 2023 popanda chigamulo, zomwe sizidathandize woimbidwa mlandu kapena anthu ofuna kudziwa zoona.

Kubedwa kwa ndalama kwa 2013, kodziwika kuti Cashgate, kudaulula kuti zipupa zonse zidali zobooka. Nkhaniyi idaphulika mkulu woona za bajeti, Paul Mphwiyo, atawomberedwa mu Sepitembala, ndipo ogwira ntchito m'boma a maudindo aang'ono adayamba kupezeka ndi mitolo ya ndalama m'nyumba ndi m'mabuti a galimoto. Ofufuza a kampani ya Baker Tilly adapeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zidatuluka m'miyezi isanu ndi umodzi yokha, kudzera m'makina a kompyuta olipirira a boma, kupita ku makampani omwe sadagwire ntchito iliyonse, zolemba zake n'kufufutidwa. Mkulu wowerengera ndalama za boma, komiti ya aphungu yoona za kagwiritsidwe ntchito ka chuma ndi mabanki onse adalipo, koma palibe yemwe adaletsa. Maiko omwe ankathandiza pafupifupi 40 pa 100 ya bajeti adasiya kuika ndalama zawo m'thumba la boma. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani za boma, lomwe likadathandiza atolankhani kufukula zotere msanga, lidavomerezedwa mu 2016 koma lidayamba kugwira ntchito mu Sepitembala 2020. Wailesi ya MBC, yoyendetsedwa ndi misonkho ya onse, yakhala ikuimbira chipani cholamula pansi pa boma lililonse, ngakhale kuti wailesi zoima pazokha monga Zodiak ndi Capital zidathetsa kale nthawi yomwe mawu ankachokera mbali imodzi.

Makhothi, asilikali ndi zisankho

Nthambi zomwe zalimba pa mayeso aakulu ndi makhothi ndi asilikali. Mu 2001 aphungu adafuna kuchotsa majaji atatu a High Court omwe zigamulo zawo sizidakondweretse boma, koma zidakanika anthu atadzudzula. Pa 20 Julayi 2011 apolisi adawombera ochita zionetsero ndipo anthu pafupifupi 20 adafa, ambiri ku Mzuzu. Bingu atamwalira pa 5 Epulo 2012, nduna zina zidabisa imfayo n'kuyesa kutchinga wachiwiri wake, koma mkulu wa asilikali, Henry Odillo, adaima ndi malamulo, ndipo Joyce Banda adalumbira pa 7 Epulo. Mu 2014 mayiyu atalengeza kuti wathetsa chisankho mavoti akuwerengedwa, khothi lidati alibe mphamvu zotero, ndipo adapereka mpando kwa Peter Mutharika.

Mayeso aakulu adadza pa chisankho cha pa 21 Meyi 2019. Bungwe loyendetsa zisankho la MEC, lotsogoleredwa ndi Jane Ansah, lidalengeza kuti Mutharika wapambana ndi mavoti 38.6 pa 100 alionse, Lazarus Chakwera 35.4, Chilima 20.2. Mapepala ambiri a zotsatira adali ofufutidwa ndi Tipp-Ex, ena adali ongokopera, ena osasainidwa. Kwa miyezi yambiri anthu adadzaza misewu motsogoleredwa ndi bungwe lomenyera ufulu wa anthu la HRDC, asilikali akuwateteza, pomwe mlandu wotsutsa zotsatirazo unkaulutsidwa pa wailesi ukumasuliridwa m'Chichewa, anthu akumvera m'minibasi, m'misika ndi m'mashopu. Pa 3 Febuluwale 2020 majaji asanu, Healey Potani, Ivy Kamanga, Dingiswayo Madise, Redson Kapindu ndi Mike Tembo, adafika kukhothi ku Lilongwe moperekezedwa ndi asilikali ndipo adawerenga chigamulo cha masamba pafupifupi 500 tsiku lonse. Adafafaniza chisankho cha pulezidenti, adalamula china m'masiku 150, ndipo adati wopambana ayenera kupeza mavoti oposa theka. Apa adatembenuza kamasulidwe kakale komwe kadalola Bingu mu 2004 ndi Peter Mutharika mu 2014 kulamulira ndi mavoti pafupifupi 36 pa 100 alionse. Khothi la Supreme lidagwirizana nawo pa 8 Meyi. Malawi lidakhala dziko lachiwiri mu Africa, pambuyo pa Kenya mu 2017, kufafaniza chisankho cha pulezidenti kukhothi, ndipo loyamba momwe wotsutsa, Chakwera, adapambana chisankho chobwereza, chomwe chidachitika pa 23 Juni 2020.

Ulemu womwe chigamulochi chidabweretsa usabise mfundo ziwiri. Yoyamba ndi yakuti lamulo la mavoti oposa theka lidaperekedwa kale kwa aphungu ndi bungwe lounika malamulo, ndipo iwo adalikana mu Disembala 2017. Khothi lidagwira ntchito yomwe Nyumba ya Malamulo idaithawa, ndipo dziko lomwe nkhani zake zonse zandale zimathera kwa majaji limawasenzetsa katundu woposa udindo wawo. Yachiwiri ndi yakuti makhothi omwewo amachedwetsa milandu ya anthu wamba zaka zambiri, ndende zadzaza ndi oyembekezera kuzengedwa, ndipo madandaulo a ziphuphu pakati pa oweruza akhala akumveka kuchokera kwa maloya eni ake.

Pa 16 Sepitembala 2025 Amalawi adavotanso, tsopano m'madera 229, ndipo Peter Mutharika adabwerera m'boma ndi mavoti oposa theka, Chakwera atavomera kugonja zotsatira zisanalengezedwe. Chakwera adali mtsogoleri wachinayi kuchotsedwa ndi voti ali pampando, pambuyo pa Dr Banda mu 1994, Joyce Banda mu 2014 ndi Mutharika mwini mu 2020, ndipo asilikali sadalandepo boma chilandirire ufulu. Maiko ochepa mu Africa ali ndi mbiri yotere. Pa zaka zisanu za pakati pa zisankho zinthu n'zosiyana: gawo 64 silidabwerere, Seneti kulibe, makhonsolo amadikira ndalama kuchokera ku likulu la boma ku Capital Hill, ndipo mtsogoleri aliyense yemwe adalonjeza pa kampeni kuchepetsa mphamvu za ofesi ya pulezidenti adazisiya pafupifupi momwe adazipezera.